Bondo ndi limene likupweteka, koma akuti tijambulitse nyonga

Nachisale:
Ndikupempha nzeru kwa amene akudziwa za matenda a mafupa. Mayi anga ali ndi zaka 63, ndipo kwa zaka ziwiri akhala akudandaula bondo lakumanzere, makamaka akamadzuka m'mawa kapena akachokera kumunda. Kuchipatala cha kwathu ankangowapatsa mankhwala ochepetsa ululu a diclofenac, ndipo achibale anafika powatemera mphini, koma palibe chasintha. Tsopano akutsimphina, ndipo mwendowo ukuoneka wofupikirapo. Sabata yatha dokotala wina anawagoneka chagada, n'kuwatembenuza mwendo uku ndi uku, kenaka anati tikajambulitse nyonga (polumikizirana ntchafu ndi chiuno), osati bondo. Kodi sanalakwitse, poti ululu uli pabondo?

Mbewe:
Mayi Nachisale, dokotalayo sanalakwitse. Pali mitsempha imene imatumikira nyonga ndi bondo pamodzi, kotero nyonga ikawonongeka munthu amatha kumva ululu kutsogolo kwa ntchafu mpaka pabondo, bondolo lili labwinobwino. Kufupika kwa mwendo ndi kuuma kwake poutembenuza ndi zimene zinamulozera kunyonga. Pa msinkhu wa mayi anu, kawirikawiri chimakhala chichereŵechereŵe chimene chaperepeseka mpaka mafupa kuyamba kukhulana, nyamakazi imene madokotala amati osteoarthritis. Nthawi zina mutu wa fupa la ntchafu umafa chifukwa magazi sakufikako bwino, zimene zimaoneka mwa odwala sickle cell, omwa mowa kwambiri, ndi amene amwa mankhwala a prednisolone nthawi yaitali. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi diclofenac wa zaka ziwiriyo, chifukwa amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka mwa achikulire ndi odwala BP. Mukamapita ndi chithunzicho, mupemphe kuti awayezenso impso.

Nachisale:
Zikomo kwambiri bambo Mbewe. BP ali nayodi. Nanga zikapezeka kuti ndi nyonga, ndiye kuti opaleshoni basi?

Nangozo:
Si onse amene amafika pa opaleshoni. Amayamba ndi mafizo olimbitsa minofu ya ntchafu ndi matako, kuchepetsa thupi ngati lili lolemera, ndi ndodo, imene ambiri amaigwira kolakwika: iyenera kukhala kudzanja la mbali yabwino, kwa mayi anu lamanja. Amuna anga anaikidwa nyonga yachitsulo ululu utafika powalepheretsa kugona. Anayamba kuponda ndi chogwirira patangopita masiku ochepa, koma chimene sitinakonzekere chinali kunyumba. M'miyezi yoyambirira sankaloledwa kunjuta, kukhala pamphasa kapena kupingasa miyendo, kuopa kuti nyongayo ingagweluke, choncho tinachita kukhometsa mpando wautali woboola pakati woika pachimbudzi chokumba, ndiponso kukweza bedi ndi njerwa.

Mbewe:
Ndiwonjezere za kopita. Pachipatala chachikulu cha m'boma lanu kafunseni wachipatala woona za mafupa (orthopaedic clinical officer), chifukwa ndi amene amalemba kalata yotumizira wodwala kwa madokotala a mafupa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Mndandanda wa odikira umatha kukhala wautali, choncho kalatayo itengeni msanga. Chithunzi chikhale cha chiuno chonse, nyonga zonse ziwiri zikuoneka, kuti athe kuyerekeza yodwalayo ndi inzake.