Kodi boti lotumikira sitima tizilitchula chiyani m'Chichewa?

Mphunzitsi wa ku Salima walemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za panyanja. Ndikumasulira nkhani yoti ana a sukulu aziwerenga, yonena za William Bligh, mkulu wa sitima yotchedwa Bounty, yemwe mu 1789 amalinyero ake anamuukira n'kumutsitsira m'boti pamodzi ndi anthu 18, ndipo anayenda m'botimo mtunda woposa makilomita 6,000 mpaka kukafika ku Timor. M'Chingerezi botilo akulitcha launch, koma m'nkhani yomweyo mulinso cutter, jolly boat ndi tender, ndipo buku langa lotanthauzira mawu likungoti onsewa ndi maboti ang'onoang'ono. Ndikalemba kuti bwato, ana aganiza za bwato losema la asodzi a usipa, lomwe silinganyamule anthu 19. Ndikalemba kuti chombo, aganiza za Nowa. Kodi mayinawa amasiyana pati, nanga ifeyo tili ndi mawu ati?

Mkulu wa ku Monkey Bay wayankha:

Aphunzitsi, ine ndiyankha za tender yekha, chifukwa ndi amene ndamuona ndi maso anga nthawi zosawerengeka. Ngati munakwerapo Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira mu 1951, mukudziwa kuti ku Chilumba imakocheza padoko, koma ku Usisya, ku Ruarwe ndi ku Chizumulu imaponya nangula pakuya, kutali ndi gombe. Zikatero amalinyero amatsitsa maboti amene amalendewera m'mbali mwa sitima pa zitsulo zotchedwa davit, ndipo anthu amatsikiramo pamakwerero mmodzimmodzi, botilo likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Matumba a ufa, njinga, malata, ngakhale ana aang'ono, zonse zimapatsiranidwa pamanja. Likayandikira kumtunda limaima pamene madzi akulekeza m'mawondo kapena m'chiuno, abambo n'kupinda mathalauza, amayi n'kukwinya zitenje, katundu ali pamutu. Tsiku la mwera ntchito imeneyi imatenga maola.

Tsono chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi: botilo likakhala lolendewera, kudikira tsiku la ngozi, dzina lake ndi lifeboat, koma likayamba kututa anthu pakati pa sitima ndi gombe, lomwelo limatchedwa tender. Dzinali silikunena za kapangidwe kake ayi, likunena za ntchito imene likugwira pa nthawiyo, monga momwe mayi mmodzi amakhalira namwino kuntchito koma nankungwi kumudzi. Ife kunyanja timangoti boti la Ilala, ndipo palibe amene amasokonezeka.

Wa ku Durban wayankha:

Bambo a ku Monkey Bay anena zoona, koma mayina ena amene aphunzitsi afunsa amanenadi za kukula ndi kapangidwe. Pa nthawi ya sitima zoyendera mathanga, sitima imodzi inkanyamula maboti angapo. Launch ndilo linali lalikulu ndi lolimba kuposa onse, lotungira madzi akumwa m'migolo ndi kunyamulira nangula pamene akufuna kukamuponya patali. Cutter inali yocheperapo koma yaliwiro. Gig linali boti lalitali, lopyapyala, loyendera kaputeni, ndipo jolly boat linali kaboti kotumidwa ntchito zing'onozing'ono. M'nkhani ya Bligh kusiyanaku kuli ndi tanthauzo, chifukwa oukirawo poyamba anafuna kumuika m'boti laling'ono kwambiri, koma linapezeka lowola, komanso anthu ofuna kutsagana naye anachuluka, mpaka anamupatsa launch, ya mamita pafupifupi 7. Akanamuika m'kabotiko sakanafika ku Timor, choncho mukangolemba kuti boti paliponse, ana sadzamva chimene chinamupulumutsa.

Mawu akuti dinghy, dzina lina la kaboti kakang'ono, Angerezi anachita kubwereka ku India, kumene dingi linali dzina la timaboti ta m'mitsinje ya ku Bengal. Ndikutchula zimenezi kuti tisamachite manyazi kubwereka, pakuti ngakhale liwu lathu lakuti malinyero tinalitenga kwa Apwitikizi.

Pali lina limene simunalifunse koma likutikhudza kwambiri, lakuti lighter. Ili ndi boti lalikulu lapansi pophwatalala, lotutira katundu kuchokera m'sitima imene singathe kufika kumtunda chifukwa cha mchenga. Kuyambira mu 1891 katundu wambiri wa ku Nyasaland ankadzera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, kumene sitima zikuluzikulu zinkaima kunja panyanja, ndipo katundu ndi anthu ankawasamutsira m'maboti otere asanakwere sitima za mumtsinje zolowera ku Shire. Kuno ku Durban ndimaonanso pilot boat, yokasiya munthu wodziwa njira za padoko kuti akathandize kaputeni polowetsa sitima, ndi tug, yomwe ndi yaing'ono koma ya injini yamphamvu, yokoka ndi kukankha sitima pokocheza.

Mayi a ku Nkhotakota ayankha:

Ine ndikuvomera zobwereka, koma tisamale ndi tender. Tikalilemba mwa Chichewa likhala tenda, liwu limene anthu amalidziwa kale ngati la makontirakitala opikisana pa ntchito za boma. Choipa kwambiri n'chakuti akakhala awiri tidzati matenda, ndiye taganizani mwana akuwerenga mokweza m'kalasi kuti Ilala yatsitsa matenda awiri ku Chizumulu! Kuli bwino tinene kuti boti lotumikira sitima, kapena boti lotuta anthu.

Ndiwonjezere kuti nzeru yotchula bwato potengera ntchito yake si yachilendo kwa ife. Asodzi a chilimira amapita usiku ndi maboti okoka ukonde, koma patsogolo pamakhala kabwato ka nyali, m'mene mumakhala siginala, amene amaunjika usipa ndi kuwala kenako n'kuuza anzake nthawi yoponya ukonde. Kabwatoko n'kofanana ndi mabwato ena onse a pagombe, koma aliyense amakatchula kuti bwato la siginala. Ana a ku Salima amadziwa zimenezi, ndipo mukhoza kuyambira pomwepo powafotokozera.

Mphunzitsi wa ku Salima wayankha:

Zikomo nonse, makamaka Mayi pondipulumutsa ku matenda. Ndasankha kulemba kuti boti lalikulu la sitima pa launch, boti laliwiro pa cutter, ndi kaboti kotumidwa pa jolly boat, ndipo pamene oukira akusinthasintha maboti ndiwonjezera chiganizo chimodzi chofotokoza kukula kwake. Bambo a ku Monkey Bay, chatsala ndi chingwe cha kutsogolo kwa boti chimene Angerezi amachitcha painter. Poyamba ndinalemba kuti wopenta, kenako ndinaona kuti munthuyo akumangidwa kumbuyo kwa sitima. Kodi amalinyero a kwanuko amachitchula bwanji?

Mkulu wa ku Monkey Bay wayankha:

Timangoti chingwe cha kumutu, aphunzitsi, ndipo boti likafika pambali pa sitima mudzamva wina akukuwa kuti gwira chingwe. Lembani chomwecho.