Injini ya K-Jetronic ikuvuta kulira ikatentha

Wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndili ndi Porsche 924 ya 1979 imene imagwiritsa ntchito K-Jetronic ya Bosch, njira yopoperera petulo mu injini. M'mawa imalira bwinobwino, koma ndikaizimitsa masana pa Ngabu, dzuwa likuswa mtengo, imavuta kuliranso, ndipo ikakhala pa ayidulo imanjenjemera. Kodi ndiyambe ndi kupotokola sikuluwu ya mixture, yosinthira kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo?

Makaniko wa ku Bangula: Achimwene, sikuluwu imeneyo musaikhudze kaye. K-Jetronic ilibe kompyuta. Mpweya wolowa umakankha kambale kamene kamasuntha plunger (kachitsulo kotsegulira petulo njira) mu fuel distributor (chipangizo chogawira petulo ku masilinda), choncho zonse zimadalira presha ya petulo. Ikani geji ndipo muone ngati presha ikufika pafupifupi 5 bar. Mukazimitsa injini, presha yotsala iyenera kutsika pang'onopang'ono, chifukwa ikagwa msanga ndiye kuti accumulator (chipangizo chosunga presha injini ikazima) kapena valavu ya pampu yoletsa petulo kubwerera yatha, ndipo m'kutentha kwa kuno kuchigwa petulo amasanduka nthunzi m'mapaipi.

Wa ku Chikwawa: Ndikugwirizana nawo. Kunjenjemerako, bambo, kawirikawiri kumabwera chifukwa cha mpweya wolowera m'ming'alu ya mphira, makamaka m'mphira wamkulu wa pamwamba pa kambale kaja. Kumbukiraninso kuti petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene amawononga mapaipi akale a mphira, ndipo fumbi la m'misewu yathu limatseka fyuluta msanga.

Makaniko wa ku Bangula: Zimenezi zikakonzedwa, onani mapulagi ndi tayimingi, kenako sinthani mixture ndi Allen key ya 3 mm, injini itatentha, pogwiritsa ntchito makina oyezera utsi.