Pepala la mtima wa mayi

Achemwali (Bangwe): Mwaswera bwanji nonse. Tangofika kumene kuchokera ku Queens. Mayi awayeza mtima, ECG ija. Pepala lake ndi ili ndajambulali.

Achemwali (Bangwe): Pamwambapo makina alemba kuti "abnormal ECG". Ine nditaona, nkhongono zinagwa ndili pa benchi pompo.

Mzime (Joni): Abnormal?? Ndiyambe kufunsa za basi?

Achimwene (Chilomoni): Dekha kaye iwe. Achemwali, adokotala anena kuti chiyani?

Achemwali (Bangwe): Akuti mtima sukugunda mwadongosolo. Dzina lake alemba m'kabuku, atrial fibrillation. Zambiri sindinagwire, mayi amangondikoka chitenje kuti tizipita, ati mawaya aja awathira magetsi m'thupi.

Anamwino athu: Amayi, auzeni agogo mtima ukhale m'malo, makina aja sathira magetsi. Mtima uli ndi timagetsi takewake tomwe timauuza nthawi yogunda. Timawaya 10 tija, 6 pachifuwa, 4 m'mikono ndi m'miyendo, timangotola zimenezo n'kulemba pa pepala.

Anamwino athu: Kulitsani chithunzicho muone mzere wautali wapansi. Kamutu kosongoka kalikonse ndi kugunda kumodzi. Mtima ukakhala bwino, timitu timatalikirana mofanana ngati mapando a chimanga, ndipo kalikonse kamatsogozedwa ndi kachitunda kakang'ono, timati P wave. Kwa agogo kachitundako palibe, mzere ukungonjenjemera, timitu tina tathithikana, tina tatayana. 128 alembayo ndi kugunda pa mphindi imodzi. Wamkulu atakhala phee amayenera kukhala pakati pa 60 ndi 100.

Amalume (Chiradzulu): Ine ndinanena kale kuti mlongo wangayo akudwala maganizo chimwalirire alamu. Mtima kuthamanga n'chimenecho. Mbwezeni kuno adzapume, tili ndi makungwa athu owiritsa amene anthu akuchira nawo.

Anamwino athu: Agogo, pepani ndilankhuleko ngakhale ndine mwana. Maganizo alipo, sindikana. Koma chimene chaoneka apa n'chakuti zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima sizikufinya magazi, zikungonjenjemera. Magazi akachedwa m'menemo amaundana, ndipo kachidutswa kakathothoka n'kukafika ku ubongo, ndiye sitiroko imeneyo. Munthu wa vutoli chiopsezo chake cha sitiroko chimaposa cha anzake pafupifupi kasanu. Agogo aakaziwa ali ndi zaka 71, BP anayamba nayo kale. Zonsezo zimaonjezera.

Achimwene (Chilomoni): Ndiye kuti nkhani yagona pa sitiroko, osati kuthamanga kwa mtimako?

Anamwino athu: Zonse ziwiri amalume, koma yoopsa ndi sitiroko. Kuthamangako kuli ndi mapiritsi ochepetsa liwiro. Amayi, m'kabukumo alembamo warfarin?

Achemwali (Bangwe): Eya alemba. Komanso ati tibwerere Lachinayi sabata yamawa akaunike mtima ndi echo.

Anamwino athu: Echo ndi sikani ngati ya amayi oyembekezera, koma ya mtima. ECG imaonetsa kagundidwe, echo imaonetsa timavalavu, tizitseko ta mu mtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndi kukula kwa zipinda. Kuno kwathu ambiri timavalavu tinawaonongekera ali ana chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa, ndiye adokotala amafuna atsimikize. Tsono warfarin ndi wovuta ulemu wake. Amachedwetsa magazi kuundana, akachuluka munthu amatuluka magazi, akachepa sateteza. Amayeza magazi, INR, ndipo kawirikawiri amafuna ikhale pakati pa 2 ndi 3. Poyamba amayeza pafupipafupi. N'chifukwa chake kumudzi kudikire kaye, ndipo makungwa aja asamwe, sitingadziwe kuti akakumana bwanji ndi warfarin m'magazi.

Achemwali (Bangwe): Nanga brufen? Dzana ndikuyala pabedi pawo ndapeza timapepala take titatu atamanga m'kansalu pansi pa pilo. Amatuma ana pa okala, ati maondo.

Anamwino athu: Ameneyo mulande lero lomwe, ndi aspirin yemwe. Pamodzi ndi warfarin angatulutse magazi m'mimba. Za maondo mukafunse Lachinayi. Ndiwo zamasamba, nkhwani, mpiru, bonongwe, asasiye ayi, azingodya monga amadyera masiku onse, osati sabata ino mbale yodzaza, sabata inayo osalawa.

Mlamu (Machinjiri): Lachinayi galimoto ilipo. Ndidzafika ku Bangwe 6 koloko m'mawa tisanapanikizike mu Limbe. Mungondithandiza mafuta. Pakabaza asakwerenso ayi.

Achimwene (Chilomoni): Zikomo alamu. Tisonkhe K20,000 khomo lililonse pofika Lamlungu, pa Airtel Money kapena Mpamba ya achemwali. Tichotsepo mafuta, yotsala tigule kamakina ka BP kakhale ku Bangwe. Maulendo a INR tizisinthana, achemwali asamangojomba kuntchito okha. Woyamba ndi wanga.

Mzime (Joni): Ine nditumiza K60,000 mawa. Ndiye basi ndisiye?

Achimwene (Chilomoni): Siya, udzabwere pa Khirisimasi. Uziwaimbira foni, osati pa gulu pokha pano.

Anamwino athu: Kamakinako muzikakhulupirira pang'ono, mtima ukamadumphadumpha chonchi manambala ake amasokonekera, muziyeza katatu. Chinanso, pepala la ECG limafufutika likakhalitsa, makamaka pa dzuwa, ngati lisiti la m'sitolo. Mukapange fotokope, muike m'kabuku. Ndipo aliyense wa m'nyumbamo, ndi ana omwe, adziwe izi: kamwa likapotoka, mkono umodzi ukafooka, mawu akayamba kukokeka, kapena akagwa n'kumenyetsa mutu, n'kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.

Amalume (Chiradzulu): Ndamva adzukulu. Ine sindinakane chipatala. Koma echo ikatha mundiimbire, ndimve ndekha, osati kumva zatha. Nanga nandolo wake m'mundamu akolola ndani?

Achemwali (Bangwe): Amalume, funso lomwelo andifunsa kawiri mu minibasi, ndi la nkhuku zawo.

Amalume (Chiradzulu): Nkhuku zili bwino, yakuda ija yaswa anapiye 7. Nandoloyo ndiuza anyamata Loweruka, koma matumba ndilibe.

Mlamu (Machinjiri): Matumba ndili nawo anayi, ndipatsira kondakitala wa ku Limbe mawa.