Amai asiya mankhwala a shuga chifukwa cha "papa", tsopano akufuna kukapereka mapepala a nyumba. Ndiyambire pati?

Membala wobisa dzina

Abale ndi alongo mwa Ambuye, muli bwanji nonse. A admin chonde musaonetse dzina langa, ena a kubanja ali pa gulu pomwe pano.

Amai anga ndi achikulire, apyola zaka 60, amakhala ku Chawama kuno ku Lusaka, ine ndili ku Chelstone. Moyo wawo wonse anali mu mpingo womwe tinabatizidwira, ndipo anali a gulu la amai a yunifolomu. Atate atamwalira chaka chatha, mnzawo wogulitsa naye salaula ku msika wa Soweto anawatengera ku mapemphero ena omwe amachitikira m'kalasi yobwereka. Mtsogoleri wake amamutchula kuti papa. Poyamba sitinaone vuto, chifukwa amai anayambanso kudya ndi kuseka.

Tsopano zinthu zafika pena. Amai ali ndi shuga, amalandira metformin ku kiliniki. Papa anawauza kuti anachiritsidwa pa ovanaiti, ndipo kumwanso mapiritsi ndi kukayika Mulungu. Pa kabati pomwe pankakhala mankhwala pali timabotolo ta madzi tokhala ndi chithunzi cha papa, kalikonse K150. Pachitseko pali sitika, pa thebulo lawo la salaula palinso ina. Koma ine ndikuona akuwonda, chitenje chikuwazungulira n'kutsalako chachikulu, usiku akudzuka pafupipafupi kupita kuchimbudzi, ndipo ali ndi kachilonda pa chala cha kuphazi komwe akungopakapo mafuta odzozera.

Ndalama zawo za chilimba zonse zinapita ku "mbewu". Mlungu uno ndamva kwa mdzukulu amene amagona nawo kuti awauza abweretse mapepala a nyumba akagone paguwa masiku 21, kuti mzimu wa imfa uchoke pabanja. Komanso papa "anaona" kuti amene anadya atate ndi azakhali, mlongo wawo wa atatewo, munthu amene anatilera ife tili kusukulu. Amai sakuwapatsanso moni.

Ndikafunsa pang'ono chabe amandiyankha kuti Baibulo likuti usakhudze wodzozedwa wa Mulungu, ndipo ine ndi amene mdani akugwiritsa ntchito. Malemba sindiwadziwa mokwanira kuti ndiwayankhe. Sindikufuna kunyoza mtumiki wa Mulungu ngati alidi woona, koma mtima wanga sukhazikika. Kodi chiphunzitso chonama mumachizindikira bwanji? Ndipo ndingawathandize bwanji amai osadana nawo?

Namwino wa ku Kanyama

Achemwali, za chiphunzitso ena akuyankhani, ine ndiyambe ndi phazi. Kumwa madzi kwambiri, kukodza usiku ndi kuwonda ndi zizindikiro zoti shuga yakwera. Munthu wa shuga magazi sayenda bwino kumapazi ndipo mitsempha imachita dzanzi, ndiye chilonda chimakula iye osamva kuwawa. Anthu amadulidwa chala, ena mwendo, kuyambira pa kachilonda kangati komweko. Musadikire mwezi uthe.

Musapite kukakangana nawo kuti sanachire. Auzeni kuti, "Amai, ngati Mulungu wakuchiritsani tiyeni akatipime, umboni ukhale ndi pepala." Yesu mwini pochiritsa akhate anawatuma kukadzionetsa kwa ansembe, pa Luka 17. Kupima shuga ndi kadontho kamodzi ka magazi pachala, zotsatira pompo. Nambala aione okha ndi maso awo.

Bambo wa ku Matero

Mapepala a nyumba achoke m'nyumbamo LERO. Zina zonse mukambirana pambuyo.

Mwana wa pangano

Inu anthu muziopa Mulungu. Mukuweruza munthu amene simunamuonepo. Ine ndinazunzika ndi mutu zaka zambiri, zipatala zinalephera, ndinachira ndi pemphero la mneneri. Mipingo yanu yakaleyo mulibe mphamvu, ndi chifukwa chake anthu akuthawako.

Namwino wa ku Kanyama

Palibe wanena kuti Mulungu sachiritsa, m'bale. Inenso ndimapempherera odwala anga. Koma Paulo ankayenda ndi Luka, amene pa Akolose 4:14 akumutchula sing'anga wokondedwa, ndipo mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa cha mfumu Hezekiya. Mneneri weniweni ameneyo, ndipo anatuma mankhwala.

Mkulu wa mpingo wopuma, Chilenje

Mwanawanga, pepa ndi zimene ukudutsamo. Ndilemba motalika pang'ono, upirire.

Vesi lomwe amai ako akutchula lili pa Salimo 105:15. Uliwerenge kuyambira pamwamba. Likukamba za Abrahamu, Isake ndi Yakobo pamene anali owerengeka, alendo m'dziko la eni, ndipo Mulungu anachenjeza mafumu kuti asawachite choipa. Nkhani yake ndi ya kuvulaza. Davide nayenso anakana kupha Sauli m'phanga chifukwa anali wodzozedwa, koma pa 1 Samueli 24 pomwepo anatuluka n'kumuuza Sauli pamaso kuti akulakwa. Paulo anatsutsa Petro poyera ku Antiokeya, Agalatiya 2. Ngati Petro, amene anayenda ndi Yesu, ankafunsidwa, papa wa m'kalasi yobwereka ndani kuti asafunsidwe? Anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17:11 akuyamikiridwa chifukwa ankafufuza m'malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo akunena n'zoona. Kwa ine ichi ndiye choyesera choyamba: kumene funso limaonedwa ngati tchimo, thawako.

Za zozizwitsa, m'bale wayankha pamwambayo ndikumumvetsa, ndipo sindikutsutsa kuti anachira. Koma Ambuye pa Mateyu 7 ananena kuti tsiku lomaliza adzabwera anthu onena kuti tinanenera, tinatulutsa ziwanda m'dzina lanu, ndipo Iye adzawakana. Ndiye chozizwitsa pachokha si chidindo. Iye anati tiyang'ane zipatso. Chipatso cha utumiki umenewu m'banja lanu n'chiyani? Mkazi wamasiye watha ndalama, thupi likutha, wadana ndi mlamu wake, wayamba kuona mwana wake ngati mdani.

Nkhani ya ndalama ndiyo imandipweteka. Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti atayike nazo pamodzi, Machitidwe 8. Namani atachira khate anabwera ndi siliva, golide ndi zovala, Elisa anakana zonse, ndipo Gehazi amene anathamangira mphatsozo ndiye anatenga khatelo. Sindipezapo pamene mtumwi anaika mtengo pa botolo la madzi. Chopereka chilipo m'Baibulo, inde, koma 2 Akorinto 9:7 akuti munthu apereke monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa. Kuuza wamasiye kuti imfa ibweranso ukapanda kupereka ndi kukakamiza ndi mantha. Ndipo uwerenge Marko 12:40, pamene Yesu akudzudzula atsogoleri odya nyumba za akazi amasiye n'kumabisala m'mapemphero ataliatali. Nkhani yako inalembedwa kale pamenepo.

Ukapeza mpata funsa zinthu izi modekha: papayu anaphunzira kuti, ndipo anamuika manja ndani? Akalakwa, amene angamuitane kubwalo n'kumuimitsa ndani? Chopereka amawerenga ndani, ndipo lipoti limawerengedwa pamaso pa mpingo? Sindikunena kuti digiri ya ku sukulu ya abusa ya Justo Mwale kapena kuseminale imapangitsa munthu kukhala woyera, ayi, ophunzira ochimwa ndawaona. Koma m'busa amene ali ndi akulu pamwamba pake ali ndi pomugwirira. Amene ndalama zimalowa pa foni yake, guwa ndi lake, mpingo ndi dzina lake, alibe womuletsa.

Mlongo wa ku Garden

Akulu mwalankhula. Ndasunga izi.

Wophunzira za malamulo

Ndionjezepo za boma. Anthu ambiri amaganiza kuti poti Zambia inalengezedwa kukhala dziko lachikhristu ndi a Chiluba pa 29 December 1991, n'kulowa m'mawu oyamba a malamulo a dziko mu 1996, ndiye kuti pali ofesi yoyesa ziphunzitso. Kulibe. Mipingo imalembetsa kwa Registrar of Societies, ndipo satifiketi yopachikidwa pakhoma imangosonyeza kuti gululo linalembetsa, siinena kuti zimene amaphunzitsa n'zoona. Unduna woona za chipembedzo womwe unakhazikitsidwa mu 2016 unathetsedwa mu 2021. Mabungwe a mipingo monga Council of Churches in Zambia (CCZ), Evangelical Fellowship of Zambia (EFZ) ndi la mabishopu a Katolika (ZCCB) amalankhula ndi mipingo yomwe ili mamembala awo, ndiye mufunse ngati gulu la papayo lili pansi pa bungwe lililonse.

Koma pali ziwiri zomwe lamulo limagwira. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa Witchcraft Act, Chapter 90, ngakhale wonenayo atanyamula Baibulo. Kutenga ndalama kapena katundu mwachinyengo ndi mlandunso. Ku polisi kuli Victim Support Unit, amamva nkhani za amasiye ndi katundu. Chinanso, ngati nyumbayo inali m'dzina la atate ndipo sanasiye wilo, lamulo la 1989 la chuma cha masiye limati nyumba ndi ya mkazi pamodzi ndi ana, choncho amai sangaipereke okha. Mapepala enieni asungidwe ndi munthu amene banja lagwirizana, ndipo amai asasaine chilichonse popanda mmodzi wa inu.

Mnyamata wa ku Kalingalinga

Ku Kenya ku Shakahola mu 2023 anafukula mitembo yopitirira 400, anthu anauzidwa kusala kudya mpaka kufa kuti akaonane ndi Yesu. Ku South Africa wina ankapopera anthu Doom kumaso mu 2016, khoti linamupeza wolakwa. Onsewa ankatsegula Baibulo pa guwa. Ife timaseka pa Facebook ngati ndi zakutali.

Mai amene anatulukamo

Mng'ono wanga, ine ndinakhalamo m'gulu lotere, ndiye ndikuuze zimene mavesi okha sangachite.

Akulu a ku Chilenje anena zoona zokhazokha. Koma abale anga ankanditumizira mavesi omwewo pa WhatsApp, ine n'kumawaonetsa papa, iye n'kunena kuti "waona, ndinakuuza kuti adzakuukira." Amakhala atakuuziratu kuti a kubanja adzatsutsa, ndiye aliyense wotsutsa amangotsimikizira ulosi wake. Ukamunyoza papa pamaso pa amai, wamuthandiza ntchito.

Ndinalowa mwana wanga atamwalira. Maliro atatha anthu onse anabalalika, koma a gulu lija ankandiimbira foni m'mawa uliwonse, kundiperekeza kuchipatala, kundigwira dzanja ndikulira. Chikomekome cha mkuyu, za nyerere m'kati ndinaziona mochedwa. Zimene ndinkagula ndi mbewu zanga zinali anthu ondifunsa kuti wagona bwanji. Ndiye ndikufunse: chiyambire maliro a atate ako, a mpingo wawo wakale afikako kangati kwa amai?

Amene ananditulutsa ndi mai wina wachikulire woyandikana nane nyumba. Sanatchulepo papa ngakhale tsiku limodzi. Ankabwera madzulo, timasenda nyemba, n'kundipempha kuti ndimuwerengere Baibulo poti maso ake anafooka. Chaputala chonse, osati vesi limodzi. Ndi pamene ndinayamba kuona ndekha kuti mavesi omwe ankatilalikira anali odulidwa mutu ndi miyendo. Tsiku lomwe ndinafunsa papa kuti ndalama za tenti zinapita kuti, anandiimika kutsogolo n'kunena kuti ndili ndi mzimu wa Yezebeli. Amene ankandiimbira foni aja onse anasiya tsiku lomwelo.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse, ndawerenga mpaka misozi. Amai amene munatulukamo, funso lanu landilasa. Anabwera pamaliro ndi mlungu wotsatira, kenako zii. Ndalankhula ndi mnzawo wina wa yunifolomu, wavomera kuti apita Chisanu ndi anzake awiri, osati kukawabweza, kukangocheza ndi kuimba nawo.

Achimwene apita ku Chawama madzulo ano, mapepala ali nawo. Anawauza amai kuti ndi nkhani ya banja lonse ndipo tikhala pansi ndi amalume akabwera kuchokera ku Katete. Sanakondwe koma sanalimbane. Za kiliniki ndachita monga anenera anamwino, avomera kupita Mande, akuti akatenga kabotolo kawo kuti madokotala akaone mphamvu ya Mulungu. Ndawauza kuti atenge.

Chanditsalira ndi azakhali. Sakudziwa chifukwa chomwe amai anawasiyira moni, amangondifunsa kuti ndinalakwa chiyani. Ndiwauze, kapena ndidikire?

Mkulu wa mpingo wopuma, Chilenje

Usawauze pa foni, ndipo usawauze wekha, iwe ndiwe mwana. Dikira amalume ako afike, apite ndi wamkulu wina wa kuchimuna akawauze pamaso. Koma zisachedwe. Ngati papayo ananena zimenezi pagulu, ku Chawama anthu ayamba kale kuloza, ndipo mai wachikulire wotchulidwa ufiti m'komboni sakhala pabwino. Amene amagona nyumba imodzi ndi azakhaliwo adziwitsidwe msanga.

Namwino wa ku Kanyama

Mande musaiwale khadi lawo lakale la kukiliniki ndi mapiritsi omwe anatsala. Muwauze anamwino za chala mukangolowa, asangopima shuga yokha, ndipo munene mosabisa kuti anasiya liti kumwa.