Ofesi yolangiza za ntchito pa koleji: ndipite liti, nditenge chiyani?

Wachaka chachinayi:
Akuluakulu, ndili chaka chomaliza pa yunivesite, kwatsala semesita imodzi. Pasukulu pathu pali ofesi yolangiza ophunzira za ntchito, koma anzanga akuti n'kutaya nthawi, ntchito ndi kudziwana basi. Kodi ndipiteko panopa kapena ndidikire ndivale kaye gauni? Nanga ndikafikeko ndi chiyani m'manja?

Mlangizi:
Pitani sabata ino, musadikire gauni. Mukangochoka pasukulu, kalata imodzi yokha imafuna ndalama ya basi, ndipo aphunzitsi amene lero akukudziwani nkhope amakhala atatanganidwa ndi gulu lina. Ofesiyo siipereka ntchito, pamenepo anzanuwo sakunama. Imene imachita ndi kukunolerani zida. M'makoleji ena ndi ofesi yoima payokha, kwina ntchitoyi ili kwa Dean of Students kapena kwa mkulu wa dipatimenti, ndiye funsani konseko.

Tengani CV yosindikiza papepala, ngakhale ikhale yosalongosoka, pamodzi ndi zotsatsa ntchito ziwiri kapena zitatu zenizeni zodula mu The Nation kapena The Daily Times. Mukapita chimanjamanja n'kunena kuti "ndithandizeni kupeza ntchito", mulandira malangizo amene aliyense amalandira. Koma mukaika chotsatsa patebulo, mlangizi amatenga cholembera n'kuyamba kufananiza zimene olemba ntchitowo akufuna ndi zimene mwalemba, mzere ndi mzere. Apo m'pamene mumaona kuti miyezi itatu ya atachimenti mwaikwirira patsamba lachiwiri, pansi pa sukulu ya pulayimale imene palibe akuifunsa.

Pemphaninso intaviyu yoyeserera ya mphindi 20, anthu awiri kapena atatu akhale kutsidya kwa tebulo. Valani monga mudzavalire tsikulo, mnzanu ajambule pa foni, madzulo mukadzionere nokha. Ambiri amagwa pa funso loyamba lenilenilo, loti adzifotokoze, chifukwa amayamba ndi mudzi ndi mfumu yawo. Yankho lake likhale la mphindi ziwiri: mwaphunzira chiyani, mwagwirapo chiyani ndi manja, ndipo zikugwirizana bwanji ndi ntchitoyi.

China chimene ophunzira amachiiwala: pakati pa kutuluka kwa zotsatira ndi mwambo wolandira digiri pamatha kudutsa miyezi. Nthawi imeneyo mumafunsira ntchito ndi transcript (chikalata choonetsa magiredi anu onse) komanso kalata ya ku ofesi ya registrar yotsimikiza kuti mwamaliza. Mapepalawa satuluka ngati muli ndi ngongole ya fizi kapena buku la ku laibulale losabweza. Malizani zimenezi mayeso omaliza asanafike.

WaHR_Limbe:
Ndionjezereko za mbali yolandira makalata. Amene amasankha amayamba ndi kuchotsa, kuwerenga mofatsa kumabwera pambuyo. Musawapatse chifukwa chokuchotserani.

CV ya munthu amene akungomaliza isapitirire masamba awiri. Itumizeni ngati PDF, fayiloyo ikhale ndi dzina lanu, osati chithunzi chojambula ndi foni pabedi. Ngati chotsatsa chanena mawu oti mulembe pamutu pa imelo, lembani omwewo, chifukwa maimelo amasanjidwa ndi mawu amenewo. Adilesi ya imelo ikhale ya dzina lanu lenileni, ndipo musagwiritse ntchito ya sukulu, ikhoza kutsekedwa mukachoka. Pofotokoza za atachimenti, kunena kuti munkathandiza ku maakaunti sikuuza munthu kalikonse. Nenani kuti munkayanjanitsa mabuku ndi sitetimenti ya banki mwezi ndi mwezi pa pulogalamu ya kompyuta ya Excel kapena Sage, ngati n'zimene munkachitadi. Adzakufunsani, ndiye musakometse.

Za anthu okuchitirani umboni: zotsatsa zambiri kuno zimafuna atatu opezeka. Mmodzi akhale amene anayang'anira pulojekiti yanu, wina amene ankakuyang'anirani ku atachimenti, wachitatu wina wokudziwani pa ntchito, osati malume. Apempheni kaye, muwapatse CV yanu, mutsimikize nambala yawo. Zimamvetsa chisoni kuimbira mphunzitsi n'kumva akufunsa kuti "ndani ameneyo?"

Lero lomwe yalani patebulo satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika ndi mapepala a ku koleji. Ngati dzina lasiyana chilembo chimodzi kapena tsiku lobadwa silikufanana, kambani ndi a registrar digiri isanasindikizidwe. Ikatuluka ndi dzina lolakwika, mudzayenda ndi kalata yolumbira kulikonse. Makope a satifiketi adindidwe kwa majisitireti kapena loya, ndipo oyambirirawo musawasiye kwa munthu aliyense.

Wachaka chachinayi:
Zikomo kwambiri. Vuto ndi loti amene akuyang'anira pulojekiti yanga ndi otanganidwa, ndimachita nawo mantha kuwapempha.

Mlangizi:
Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kuchitira umboni ophunzira ndi mbali ya ntchito yawo. Apempheni pamapeto pa kukumana kwanu kwa pulojekiti, kenako tumizani imelo yaifupi yokhala ndi CV, mutu wa pulojekiti ndi mtundu wa ntchito zimene mukufuna. Akakana kapena akazengereza, pitani kwa wina amene anakuphunzitsani kawiri kapena katatu.

Mayi a Tamanda:
Simunatchule maphunziro anu, koma funsani ku ofesiko ngati ntchito yanu imafuna kulembetsa ku bungwe. Anamwino amadzera ku Nurses and Midwives Council of Malawi, madokotala ndi makiliniko ofisa ku Medical Council of Malawi, a maakaunti ku Institute of Chartered Accountants in Malawi (ICAM). Digiri payokha sikwanira pa ntchito zina, ndipo kulembetsa kumafuna ndalama ndi nthawi. Funsaninso za pulogalamu ya boma ya ma intern imene inayamba mu 2018 pansi pa unduna wa zantchito, kuti kulembetsa kukatsegulidwa mapepala anu akhale ali chire.

Chenjeraninso, mwana wanga, ndi zotsatsa za pa WhatsApp ndi Facebook. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa intaviyu, ameneyo ndi wakuba. Chotsatsa chikakukayikitsani, chitengereni ku ofesi yomweyo, aimbe pa nambala yodziwika ya kampaniyo, osati imene yalembedwa pa uthengawo.