Buledi wa tomato wa ku Spain: bwanji wanga akulobodoka?

Mlendo_ku_Málaga

Moni nonse. Ndili ndi funso la kukhitchini, ndipo ndikudziwa kuti muno muli ena amene mwakhalitsa ku Spain kuposa ine.

Ndatha miyezi isanu ndi itatu ku Málaga. M'mawa uliwonse popita kuntchito ndimaima pa kamalo kena komwera khofi pafupi ndi pokwerera basi, n'kuitanitsa pitufo con tomate. Pitufo ndi kabuledi kakang'ono ka kuno. Amakang'amba pakati, kukawotcha, kuthira mafuta a olivi, kupaka tomato, kuwaza mchere, basi. Ndimamwera khofi amene kuno amati mitad, theka khofi theka mkaka. Kadzutsa ameneyu wandilowa m'magazi moti Lamlungu, pamene malowa amakhala otseka, m'mawa mwanga simukoma.

Ndayesa katatu kupanga kunyumba koma sizikutheka. Ndimatenga buledi wodulidwa kale wa m'pepala uja, pan de molde, n'kumuika mu tosita. Tomato ndimamutulutsa mu furiji n'kumugaya ndi makina. Amatuluka wotuwa, wa thovu, ndipo ndikangomuika pamwamba buledi amalobodoka ngati chinkhupule ndisanakhale n'komwe pansi. Kakomedwe nako palibe, madzi okhaokha.

Ndikulakwitsa pati? Nanga adyo amaikamo kapena ayi? Mnzanga wina wa kuntchito akuti popanda adyo si zenizeni, koma pa kamalo kaja sindinamumvepo adyo ngakhale tsiku limodzi.

Mayi_wa_ku_Jaén

Achemwali, pepani, koma zinthu zitatu mwatchulazo zonse ndi zimene zikukuonongerani: buledi, furiji ndi makina.

Yambani ndi makinawo, asiyeni. Akamazungulira amalowetsa mpweya mu tomato, n'chifukwa chake akutuwa ndi kuchita thovu, komanso amaphwanya njere ndi khungu limodzi. Tengani gireta, mbali ya mabowo akuluakulu. Dulani tomato pakati mopingasa, gwirani mbali yodulidwayo pa gireta, n'kumapala mpaka m'dzanja mutatsala khungu lokha. Khungulo tayani. Tomato mmodzi wamkulu amakwana anthu awiri. Akakhala wamadzi kwambiri ndimamuthira mu sefa mphindi zisanu, madzi adonthere m'kapu. Madziwo musataye, ine ndimangomwa ndi kamchere.

Tomatoyo akhale wakupsa psuu, wofewa pang'ono mukamudina, ndipo azikhala pa tebulo. Kuzizira kwa furiji kumapha fungo lake. Kuno amakonda tomate de pera, wotalikirapo uja, poti ali ndi mnofu wambiri ndi madzi ochepa. Wa m'nthambi, de rama, nayenso amachita.

Buledi wa m'pepala uja alibe mphamvu yonyamula chonyowa. Inu muli ndi mwayi, chifukwa Antequera ili m'chigawo chanu chomwecho cha Málaga, ndipo mollete wa kumeneko, wobulungira, wophwatalala, woyera, ndi amene ambiri kuno ku Andalucía, kumwera kwa Spain, amadyera kadzutsa ameneyu. Amaphikidwa mosapsetsa dala kuti mukamalizitse nokha powotcha. Mukamusowa, barra wamba wa dzulo, buledi wautali uja, ndi wabwinonso. Wotchani mpaka pamwamba paume gwa koma m'kati mukhale mofewa.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mafuta ayambe, tomato abwere pambuyo. Apongozi anga anandiphunzitsa kubaya buledi wotentha ndi nsonga ya mpeni malo angapo, kenako kuthira mafuta kuti alowe m'timabowomo. Mafutawo amatchinga, madzi a tomato salowerera msanga. Kenako supuni ziwiri za tomato, mchere pamwamba, n'kudya nthawi yomweyo. Osati kuyamba mwapanga buledi kenako muziteleka khofi. Khofi ayambe wakhala pa tebulo.

Mafuta akhale olembedwa virgen extra. Ine ndine wa ku Jaén, ndiye mukudziwa kale kuti ndinena a olivi wa mtundu wa picual, wa kwathu. Amawawira pang'ono ndi kuyabwa kukhosi, ndipo pa tomato wotsekemera amagwirizana bwino kwambiri. Akakukulirani mphamvu yesani hojiblanca, amene amalimidwa kwambiri cha kwanuko.

Wa_ku_Girona

Amayi a ku Jaén anena zoona pa kapangidwe ka kumwera, ndipo pa za furiji ndikuvomereza ndi manja awiri. Koma mundilole, mayi, ndiikepo za kuno ku Catalunya, chifukwa kuno gireta sayandikira n'komwe.

Kuno amati pa amb tomàquet, ndipo tomato samupala, amamukwecha pa buledi. Mumadula kagawo kokhuthala ka pa de pagès, buledi wamkulu wobulungira wa chikhungwa cholimba. Mukawotcha, pamwamba pake pamakhala pokhakhala, ndiye buledi yemweyo ndi amene amapala tomato. Mumagwira theka la tomato n'kumatikita uku mukufinya mpaka buledi afiire, khungu litsale m'zala. Kenako mchere, kenako mafuta, kuti mafutawo autsitse mcherewo m'kati. Kotero ife mafuta amabwera pomaliza, ndipo buledi salobodoka chifukwa chimene chimalowa ndi chochepa, n'kungomupaka utoto ndi fungo basi.

Chinsinsi chili pa mtundu wa tomato. Pali wina wamng'ono wotchedwa tomàquet de penjar, kutanthauza wopachika. Amamukolola m'chilimwe, kumumanga m'mikoko ndi ulusi, n'kumupachika pamalo ozizirira podutsa mphepo, ndipo amatha miyezi osaola. Khungu lake ndi lolimba koma m'kati ndi mofewa, moti ukangokwecha zonse zimatsalira pa buledi. Ku Mallorca ali ndi wofanana naye, ramallet, amene amadyera pa amb oli. Tomato wolimba wa saladi mukamukwecha mungong'amba buledi, palibe chotuluka. Ndikuona kuti n'chifukwa chake malo ambiri odyera a kwina amasankha kupala.

Anthu akuluakulu kuno amafotokoza kuti kale m'midzi buledi ankaphika kamodzi pa masiku angapo, ndiye akauma ankamufewetsa ndi tomato. Ndiye buledi wa dzulo kapena dzana si wotaya, ndi amene chakudyachi chinabadwira.

Za adyo, achemwali: mnzanuyo sanalakwe, komanso a pa kamalo kanu sanalakwe. Ndi kufuna kwa munthu. Malo ambiri kuno amakubweretserani buledi, tomato, kambewu ka adyo ndi mafuta kuti mupange nokha. Mukafuna, dulani kambewuko pakati, mukwecheko kamodzi kokha pa buledi wotentha musanafike pa tomato. Kamodzi ndithu. Ine tsiku loyamba ndinatikita mbali zonse ndi mtima wonse, ndipo tomato sanamvekenso. M'mawa wa tsiku la ntchito sindimuika. Madzulo, ndi jamón (nyama ya nkhumba youmitsa) kapena tortilla (mazira okazinga ndi mbatatesi) pambali, ndimaika, poti kuno timadya zimenezi nthawi iliyonse, osati m'mawa mokha.

Bambo_a_mapasa

Kungoonjezera pang'ono. Ana anga amaphunzira ku Sevilla, ndipo chaka chilichonse pokondwerera tsiku la Andalucía, la pa 28 February, kusukulu amawapatsa buledi ndi mafuta a olivi. Ena amawaza shuga m'malo mwa mchere. Ndiye m'nyengo yozizira, tomato akakhala wosakoma, musakakamire. Buledi, mafuta abwino ndi mchere ndi kadzutsa wokwanira, ndipo eni dziko amadya choncho.

Komanso yang'anani botolo limene amakupatsani pa kamalo kanuko. Kuyambira 2014 lamulo la kuno limafuna kuti malo odyera aziika pa tebulo mafuta a olivi a m'botolo lokhala ndi chizindikiro, losatheka kuthiramonso ena, kapena m'timapaketi. Werengani dzina ndi mtundu wa olivi, mukagule omwewo. Mwina theka la kukoma kumene mukukusowa kuli m'botolomo.

Mlendo_ku_Málaga

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza. Dzulo ndinagula mollete awiri ndi tomato wa pera, ndipo ndinamusiya pa tebulo usiku wonse. Lero ndapanga theka limodzi monga anenera amayi a ku Jaén, theka lina monga achimwene a ku Girona. Lokwecha silinatheke bwino, tomato wanga anali wolimbirapo ndipo mollete ndi wofewa, anayamba kunyenyeka. Koma lopala lija, mayi, ndi lomwe lija la pokwerera basi. Ndinabaya ndi mpeni, mafuta analowa, ndipo buledi anali akulirabe m'kamwa mpaka nthongo yomaliza.

Botolo ndinaliyang'ana Lachisanu, bambo a mapasa, ndi hojiblanca. Achimwene a ku Girona, tomato wopachikayo ndikamufunse dzina lanji ku msika wa Atarazanas? Ndikufuna ndiyesenso kukwecha, ulendo uno pa buledi wa chikhungwa cholimba.

Wa_ku_Girona

Nenani kuti tomate de colgar. Musankhe amene wayamba kukwinyika pang'ono khungu, ameneyo ndiye wafika.