Tili ndi ndege yakale ya Dakota: tipale penti n'kupaka watsopano, kapena tiyambe ndi dzimbiri?

Mwini funso:

Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito ya ndege zakale, komanso amene mumadziwa kasamalidwe ka zinthu za ku myuziyamu.

Tili ndi kagulu ka anthu ongodzipereka, palibe wolandira malipiro, ndipo eni bwalo lina la ndege atilola kuti tizisamalira Dakota imene yakhala panja zaka zambiri. Kwa amene simukuidziwa, ndi C-47 ya kampani ya Douglas, ndege imene inkanyamula asilikali ndi katundu pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ili ndi injini ziwiri za Pratt & Whitney R-1830, iliyonse masilinda 14, ndipo mapiko ake kuchoka nsonga ino kukafika inayo ndi pafupifupi mamita 29. Shedi yoti ingalowemo tilibe. Zoti idzaulukenso sitikuziganizira n'komwe. Tikungofuna isapitirire kuwonongeka, anthu azibwera kudzaiona, ana asukulu azilowamo.

Mmene ilili ndi chonchi. Matayala anaphwa kalekale moti yakhalira malimu. Nsalu ya pa chiwongolero cha kumchira inang'ambika, kwatsala nthiti zokhazokha. Mbalame zinamanga zisa m'mapiko ndi kuseri kwa injini. Pansi pa phiko lakumanzere, pamzere wa mabawuti olumikiza phikolo, pali ufa wotuwa, ndipo chitsulo cha pamenepo chafufuma n'kuyamba kusendeka ngati masamba a buku lonyowa. Ukachikhudza ndi chala chimayoyoka.

Chimene chatigawanitsa ndi penti. Wapamwamba ndi wotuwa, anapakidwa ndegeyi itachoka kale m'manja mwa asilikali. Kumchira, pamene wachoka kwambiri, pansi pake pakuoneka penti wobiriwira modera ndi theka la nambala yachikasu. M'kati, pakhoma pafupi ndi chitseko chachikulu, muli mayina olembedwa ndi pensulo, ena ofufutika. Ambiri mu komiti akufuna tibwereke makina opalira ndi mchenga, tiipale yonse, tiipake penti wonyezimira, kenako tilize injini imodzi tsiku lotsegulira. Mfundo yawo ndikuimva ndithu: palibe amene angapereke thandizo pa chinthu chooneka ngati sikirapu. Koma ine mtima ukukana, chifukwa tikapala, nambala ija ndi mayina aja sizidzabweranso.

Tiyambire pati? Kupalako n'koipadi kapena ndikungoopa? China: mageji ena a m'chipinda cha oyendetsa magalasi ake anasweka, ndipo mnzathu wina watenga awiri kuti akawatsukire kunyumba. Ndi chiyani chabwino chotsukira manambala ake, poti asanduka abulauni?

Wa ku labu:

Achimwene, zina zonsezo zidikire kaye, muimbireni mnzanuyo lero lomwe. Asawatsuke mageji amenewo, asawatsegule, asawapukute. Manambala ndi mivi ya mageji ambiri a ndege za nthawi imeneyo ankapaka utoto wosakaniza ndi radium, chinthu chotulutsa mphamvu yoopsa ya radiation, kuti aziwala usiku. Kuwalako kunatha chifukwa mankhwala owalitsawo anafooka, koma radium ikadali momwemo. Kuti mphamvu yake itsike ndi theka pamafunika zaka pafupifupi 1,600. Galasi likakhala lathunthu vuto limachepa. Likasweka, utoto uja umayoyoka n'kukhala fumbi, ndipo fumbilo likalowa m'mapapo kapena m'kamwa limakakhazikika m'mafupa. Imatulutsanso mpweya wa radon, umene umaunjikana m'chipinda chotseka.

Avale magolovesi, aike geji iliyonse m'mapepala apulasitiki awiri omata, aichotse m'nyumba yogona anthu, makamaka ngati muli ana. Chipinda cha oyendetsa chikhale chokiya mpaka wina atabwera ndi Geiger counter, kachipangizo koyezera radiation, kudzayeza mageji onse, masiwichi ndi pansi pomwe. Funsani bungwe la boma loona za radiation m'dziko lanu, mageji amenewo musawataye m'bini. Ku Dalgety Bay ku Scotland anapeza tizidutswa ta radium pagombe mu 1990, tochokera ku mageji a ndege amene anawotchedwa ndi kutayidwa nkhondo itatha, ndipo ntchito yoyeretsa malowo inatenga zaka zambirimbiri.

Mwini funso:

Zikomo kwambiri achemwali. Ndamuimbira, anali asanawatsegule. Ati awabweza mawa ali omata, ndipo chipindacho tichikiya.

Makaniko wopuma:

Mwana wanga, ine ndakalambira pa injini zozungulirazi, ndiye ndikuuzeni mosabisa: makina a mchengawo asayandikire ndege imeneyo. Malata a Dakota ndi aluminiyamu wosakaniza ndi kopa, wolimba koma wosachedwa kudyeka, ndiye pamwamba pake anakutirapo kachikopa kopyapyala ka aluminiyamu weniweni komwe kamateteza. Mchenga umachotsa kachikopa kameneko, umafutukula malata n'kuwasiya ali makwinya, umadyanso mitu ya mariveti. Ukatha, mchengawo umatsalira m'malumikizo n'kumasunga chinyezi. Ndege imaoneka bwino chaka choyamba, kenako penti n'kuyamba kutuluka matuza paliponse. Waya bulashi wachitsulo ndi steel wool nazonso ayi, zimasiya tizitsulo m'kati mwa aluminiyamu, dzimbiri n'kuyambira pomwepo.

Chimene mwaona pansi pa phikocho ndiye nkhani yaikulu kuposa penti. Chitsulo chikafufuma n'kumasendeka choncho, dzimbiri lalowa m'kati mwenimweni, sikuti lili pamwamba. Pamenepo ndi pamene phiko lakunja limagwirira, ndiye pezani injiniya wa ndege adzaone mzere wonsewo mbali zonse ziwiri. Pakadali pano pasapezeke wokwera paphikopo kapena wokhala pansi pake.

Ntchito yoyamba si yosangalatsa, palibe amene amaijambula. Chotsani zisa zonse, mutavala masiki abwino. Zitosi za mbalame zimadya aluminiyamu ndipo udzu wa zisa umasunga madzi. Mukatero tsekani mipata ndi neti, osati ndi pulasitiki, kuti mpweya uziyenda. Pansi pa thupi la ndege ndi pansi pa mapiko pali timabowo totulutsira madzi, tiboolereni tonse ndi kamtengo. Dakota imakhala chogwada kumchira, madzi onse olowa amatsetserekera kumeneko, choncho tsegulani pansi kumbuyoko muone. Onaninso pamene pankakhala mabatire ndi pamene panali chimbudzi, malo awiri amenewa sakhala abwino. Inyamuleni ndi jeke pamalo ake oyenera muiike pa masitandi, malimu apume. Mangani ziwongolero zonse kuti mphepo isamazimenyetse uku ndi uku, ndipo ndegeyo muimangirire pansi. Musaifunditse lona yense, amasunga thukuta m'kati ndipo mphepo ikamamukupiza amapala penti. M'mapiko muziwaza mafuta oletsa dzimbiri monga ACF-50. Pali kabuku ka FAA, bungwe la boma la America loona za ndege, kotchedwa AC 43-4B konena za dzimbiri pa ndege, kali pa intaneti kwaulere, komiti yonse ikawerenge.

Wopenta magalimoto:

Madala mwanena zoona pa za mchenga, sindikutsutsa. Koma tisaiwale kuti ndegeyi ili panja. Ku mamyuziyamu akuluakulu amasiya penti wakale chifukwa ali ndi denga ndiponso makina ochotsa chinyezi. Panja, penti ndiye chovala cha ndege. Mukaisiya ndi penti wosendeka chifukwa chokonda mbiri, dzuwa ndi mvula zidzamaliza nambala yomwe mukuitetezayo. Ndiponso anzanu a mu komitiwo musawaone ngati adani. Anthu ongodzipereka amatopa akakhala chaka chonse akukolopa zitosi osaona chosintha. Ine ndikuti ipakidwe ndithu, kungoti mwa njira yabwino: mankhwala osungunula penti opangira ndege, pang'onopang'ono, pulaimala woyenera aluminiyamu. Chenjezo langa ndi pa pulaimala wakale wachikasu mobiriwira uja, zinc chromate. Fumbi lake limayambitsa khansa, musamupale wouma ndi sandipepa.

Wosunga zakale:

Ndimagwira ntchito yosamalira zinthu za ku myuziyamu, ngakhale si ndege. Bambo opentawa ali ndi mfundo, koma pali ntchito ina imene iyenera kuchitika wina asanagwire chopalira chilichonse, ndiyo kudziwa chimene muli nacho.

Ku Fleet Air Arm Museum ku Yeovilton, England, kuli ndege yankhondo ya mtundu wa Corsair ya nambala KD431. Inapakidwa penti watsopano mu 1963, ndipo kwa zaka zambiri aliyense ankangoiona ngati ndege yopakidwanso. Mu 2000 anayamba kuchotsa penti wapamwambayo pang'onopang'ono ndi manja, kachigawo kamodzi pa nthawi, ndipo pansi pake anapeza penti wa ku fakitale wa nthawi ya nkhondo, zilembo zake, ndi mikwingwirima ya pantchito. Inatenga zaka zingapo. Akanaipala ndi makina, lero ikanangokhala Corsair yonyezimira ngati zinzake. Ku Smithsonian ku America kuli ndege yoponya mabomba ya B-26 yotchedwa Flak-Bait, imene inapita maulendo ankhondo oposa 200 ndipo ili ndi zigamba zoposa 1,000 zotseka mabowo a zipolopolo. Iwo anasankha kulimbitsa penti wakaleyo kuti asayoyoke, osapaka wina.

Inu mulibe denga, ndiye simungachite zonse ngati iwo, koma zina mungathe. Jambulani ndege yonse gawo ndi gawo, mutaika rula pambali, zithunzi zikhale ndi manambala ndipo zilembedwe m'buku. Pa malo angapo tsegulani timawindo ting'onoting'ono pa penti, muzichotsa muyalo umodzi umodzi ndi kampeni, muone kuti inapakidwa kangati ndipo mitundu yanji. Kumchira kuli nambalako chitani mofatsa kwambiri mpaka nambala yonse ioneke, muikope papepala loonekera. Mayina a pensulo aja musawatsuke ngakhale ndi madzi, musapakepo vanishi. Ajambuleni tochi itawalira cham'mbali, amawerengeka bwino choncho, kenako muikepo pulasitiki wolimba woonekera wosakhudza khoma. M'kati mwa ndege mvula sifika mukatseka modontha, choncho m'katimo palibe chifukwa chopakiramo penti watsopano.

Wokonda mbiri ya ndege:

Kuwonjezera pa zimene anena mayiwa, sakani kachitsulo kolembapo nambala ya ku fakitale, kawirikawiri kamakhala chakutsogolo m'kati. Ma C-47 anapangidwa oposa 10,000, ku Long Beach, Santa Monica ndi Oklahoma City, ndipo ndi nambala imeneyo mukhoza kulondola kumene yanuyo inatumizidwa. Ndege yotchedwa That's All, Brother, imene inatsogolera gulu lalikulu la ndege zoponya asilikali a maparachuti ku Normandy ku France mu June 1944, inali pabwalo la kampani ina ku Oshkosh ku America kudikira kusinthidwa, ndipo inadziwika chifukwa cha nambala yake. A bungwe losunga ndege zakale zankhondo la Commemorative Air Force anaigula mu 2015, anthu anasonkha ndalama chifukwa cha mbiriyo, ndipo mu 2019 inauluka kubwerera ku Normandy. Sindikuti yanunso ndi yotchuka. Koma opereka thandizo amakopeka mukawauza kumene ndege inapita ndi amene inawanyamula, ndipo mukaidziwa mbiri yake mudzaipaka mitundu yakeyake, osati yongopeka.

Mwini funso:

Izi zandipatsa poyambira polankhula ndi komiti. Kunja tidzapaka, koma titajambula ndi kufufuza kaye, m'kati tisiya mmene muliri. Nanga za injini, madala? Apampando akuumirira kwambiri pamenepa, akuti phokoso la injini ndi limene lidzabweretse anthu.

Makaniko wopuma:

Phokosolo limabweretsadi anthu. Ku East Kirkby ku England kuli ndege yoponya mabomba ya Lancaster yotchedwa Just Jane, anthu amalipira kuti akwere ikuyenda pansi, ndipo ndalamazo zimathandiza ntchito yoikonza. Koma kumeneko kuli mainjiniya oisamalira nthawi zonse, ozimitsa moto ndi inshuwalansi.

Injini yozungulira ikakhala osalira, oyilo amatsikira m'masilinda apansi n'kudzaza. Oyilo sapanikizika. Mukaipukusa ndi sitata ili choncho, pisitoni imagunda oyiloyo, ndodo yake n'kupindika kapena silinda kung'ambika. Pa injini yoti yakhala zaka, onjezanipo dzimbiri m'masilinda, mabering'i ouma, mapaipi a mafuta ofumbwa ndi mawaya odyedwa ndi makoswe. Ndege ya B-29 yotchedwa Kee Bird inakhala ku Greenland kuyambira 1947 isanawonongeke kwambiri. Mu 1995, anthu odziwa ntchito yawo atatsala pang'ono kuiulutsa, mafuta anatayikira pa kainjini kothandizira ka m'kati, moto unabuka, ndegeyo inapsa iwo akuona.

Auzeni apampando kuti tsiku lotsegulira likubwerali injini siilira. Chimene mungachite panopa: musapukuse pulopela, ndipo muziiopa nthawi zonse ngati ingalire, chifukwa waya wozimitsira magineto, kachipangizo kopereka moto ku mapulagi, ukaduka injini imatha kugunda yokha mukaisuntha. Chotsani mapulagi, wina alowetse kakamera kaja koonera m'kati mwa silinda. Mukaona mmene muliri, wazani oyilo wosungira injini m'silinda iliyonse, mutseke ndi mapulagi okhala ndi timiyala toyamwa chinyezi, tija timasintha mtundu tikakhuta. Tsekaninso ekizozi ndi polowera mpweya. Matanki a mafuta atsegulidwe ndi munthu wodziwa, pasakhale wowotcherera kapena wosuta pafupi. Mozungulira ekizozi ndi mapaipi otentha mukaona nsalu yoyera yofumbutuka musaikoke, ikhoza kukhala asbestos, amene fumbi lake ndi loopsa m'mapapo.

Mwini funso:

Ndamva madala. Funso lomaliza kwa bambo openta: nsalu ya chiwongolero cha kumchira tingakute tokha, kapena mpaka katswiri?

Wopenta magalimoto:

Poti siuluka, mungathe nokha wina wodziwa atakuonetsani kamodzi. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito nsalu ya polyester imene imakungika ukaisita ndi ayironi yoyezedwa kutentha kwake, kenako imasokereredwa ku nthiti ndi kupakidwa mankhwala asiliva otchinga dzuwa, penti n'kubwera pamwamba. Chiwongolerocho chimamasuka, ndiye chitsitseni mukagwirire m'nyumba. Musanang'ambe nsalu yakaleyo ijambuleni, muone mmene anasokera ndi pamene anasiya timabowo ta madzi, ndipo chidutswa chachikulu chokhala ndi penti wake muchisunge mu envulopu pamodzi ndi buku la zithunzi lija. Iyi ndi ntchito yabwino kuwapatsa anzanu amene akufuna kuona chosintha msanga.